Makina Opalasa a Che Adamu

Leeds, England
7 Malichi 2004

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino kumeneko ku Kawale. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu sichinathebe, ndipo sukulu ya uzamba yafika potentha chifukwa mayeso omaliza ali mu Novembala.

Ababa, za kugwa kwanu mu Januwale zikundisowetsa mtendere. Mukuti inali bipi chabe, munagona ku chipatala cha Central masiku asanu n'kutuluka. Chabwino, ndamva. Koma ndibwereze zimene ndinawauza Amayi pa foni: ngati matendawa ndi aakulu mundiuze, ndisiye sukuluyi ndibwere kudzakusamalani. Sindinaphunzire unamwino kuti ndizitembenuza makolo a eni ake, anga akuvutika okha. Ndikudziwa kuti ndikachoka malo anga apatsa wina ndipo sindingabwererenso, koma zimenezo ndi zanga.

Tsopano mvetserani. Kuchipatala kumene ndimagwira ntchito Loweruka kuli makina olimbitsira thupi amene ndikufuna mukhale nawo kunyumba. Munthu amakhala pa kampando koyenda pa chitsulo chachitali, mapazi n'kuponda kutsogolo, manja onse awiri n'kugwira ndodo imodzi yomangirira ku tcheni. Akakoka, kampandoko kamabwerera m'mbuyo, ngati akupalasa boti koma ali m'nyumba. Inu zaka makumi atatu mwakhala pakhonde pa makina osokera, chimene chimayenda ndi phazi lokha, ndipo mimba ija ndinaisiya itayamba kale kukana malaya osoka nokha.

Ndalama ndatumiza ku banki. Musankhe nokha, ndikudziwa kuti chinthu chokusankhirani wina simuchikhudza. Mukagula muitane wojambula, akujambuleni muli pa makinapo, mukuyang'ana kamera. Chithunzi cha pa Idi chija munayang'ana kumbali ngati mutu wa pa ndalama yachitsulo. Ine ndikufuna nkhope yonse.

Chinanso, nthawi zonse ndikaimba foni kwa a Kizito amabwera ndi Amayi okha, inu akuti muli ku mzikiti. Kodi mwasanduka shehe osandiuza?

Ndine mwana wanu,
Zulaikha

Kawale 1, Lilongwe
29 Malichi 2004

Mwana wanga Zulaikha,

Waalaikumu salamu. Kalata yako tailandira, ndalama nazo zafika, Mulungu akuwonjezere pamene wachotsapo. Ife tili bwino. Usadabwe ndi zilembozi, akulemba ndi mayi ako, ine ndikungoyankhula. Magalasi anga anathyoka mwendo, ndipo mkulu amene amakonza sakuoneka pamsika masiku ano.

Za kusiya sukulu usadzazitchulenso. Mayunifolomu amene ndinasoka kuti iwe ukafike kumeneko, kuwayala pansi angafike ku Mchesi n'kubwerako. Ine ndinangomva chizungulire, madokotala n'kukuza nkhani monga mwa ntchito yawo. Ndili gwa.

Za makina ako, Lachiwiri tinapita ku Bwalo la Njobvu ndi a Kizito, aneba athu owotcherera zitsulo aja, pa pikapu yawo. Tinalowa masitolo anayi. Atatu sankadziwa n'komwe chimene tinkanena, ndipo mmodzi atamva za boti anatilozera kumene amagulitsa maukonde. Wachinayi anatulutsa katoni yodzaza fumbi, n'kutilumikizira pomwepo. Ndinamufunsa mwini sitoloyo kuti, "Kodi makina amenewa amatulutsa chiyani?" Iye anati, "Thukuta, bambo." Ine ndinati, "Thukuta ndili nalo kale, laulere."

Mwanawe, ine makina ndimawadziwa. Anga ukaponda amatulutsa thalauza. Chigayo chimatulutsa ufa. Awa munthu ukoke kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, sufika ngakhale pa geti. Komabe poti wanena ndiwe namwino, ndinawayang'ana bwinobwino. Kampando kake ndi kapulasitiki kopyapyala, ndipo m'malo mwa tcheni anaikapo chingwe cha nailoni, chofanana ndi chimene mayi ako amayanikapo zovala. A Kizito anagogoda chitsulo chake ndi kiyi wa galimoto, anamvetsera, n'kupukusa mutu. Sitinagule.

Tifufuzabe. Chithunzi chidikire makina. Iwe werenga, uzifunda, ndipo utiuze ngati nyama yophedwa mwachisilamu ukuipeza kumeneko.

Bambo ako,
Adamu

Ine mayi ako ndikuti moni, ndawonjezera izi envelopu isanamatidwe. Bambo ako akudya bwino ndipo mankhwala akumwa. Zina andiuza kuti ndisalembe, ndiye sindilemba.

Leeds
19 Epulo 2004

Okondedwa Ababa,

Moni nonse. Ine ndili bwino, nyama ndikuipeza, pali Apakisitani ambiri mumsewu wathu. Za thukuta laulere zija ndinaseka ndekha m'basi mpaka mayi wina anasamukira mpando wina.

Munachita bwino kukana a chingwe cha nailoni. Koma Ababa, simukukafunsira mbeta, musatenge chaka. Azungu a m'mabungwe akamabwerera kwawo amagulitsa katundu, ndipo amamata timapepala pa bolodi pakhomo la masitolo akuluakulu. A Kizito akayang'ane kumeneko. Mukapeza muonetsetse zinthu izi: tcheni chachitsulo, kampando koyenda mosalala, malamba omangira mapazi, ndi ndodo yoti manja awiri agwire pamodzi. Chomalizachi musachiiwale.

Magalasiwo mutenge pa ndalama yomweyo mukonzetse. Zilembo za Amayi ndi zokongola, koma ine ndasowa zanu zija zoima chilili ngati asilikali. Ndipo Amayi, zimene akuletsani kulembazo ndi ziti?

Ndine wanu,
Zulaikha

Kawale 1
23 Meyi 2004

Zulaikha mwana wanga,

Tikukupatsa moni. Tili bwino, kwayamba kuzizira. Magalasi anakonza, koma anaika mwendo wa magalasi a munthu wina, ndiye akundiluma khutu. Mayi ako alembabe. Zimene ukufunsazo palibe, mayi ako amakonda kukometsera nkhani.

Nzeru yako ya timapepala inagwira ntchito. A Kizito anapeza mayi wina wachizungu ku Area 47 amene akubwerera kwawo mu Julayi. Tinapita atatu, ine, mayi ako ndi a Kizito. Ndinene chilungamo, makinawo ndi abwino. Tcheni chake ndi chonga cha njinga yamoto, malamba alipo, ndodo ilipo, ndipo kutsogolo kuli gudumu limene ukakoka limapuma ngati ng'ombe yotopa. A Kizito anagogoda ndi kiyi uja, ulendo uno anagwedeza mutu movomera.

Koma pali zovuta zitatu. Choyamba, ndinayeza ndi tepi yanga, ndi mafiti asanu ndi atatu. Kuti alowe pabalaza pathu, kabati ya mbale iyenera kutuluka, ndipo mayi ako ndi kabati imeneyo ukuwadziwa. Chachiwiri, kampando kake kali pansi kwenikweni, ngati kamene amakhalira osenda mtedza. Munthu wa msinkhu wanga, amene Kawale yense amandipatsa moni wa manja awiri, sindingamapezeke mawondo ali m'makutu. Chachitatu, munthu amakoka akupita chambuyo. Ine ndinakulira ku Malindi, bwato timapalasa tikuyang'ana kumene tikupita. Amene anapanga makinawa sanawolotsepo munthu.

Mayiyo anati atisungira mpaka kumapeto kwa Juni. Ndinamuuza kuti ndikaganize. A Kizito nawo akuti akhoza kupanga awo ku Biwi ndi zitsulo za bedi ndi tcheni cha njinga, ndiye ndikuganizira zonse ziwiri. Kuganiza sikufuna phuma.

Tiuze za sukulu. Ana angati wabadwitsa mpaka pano?

Bambo ako,
Adamu

Leeds
13 Juni 2004

Ababa,

Moni. Ndabadwitsa ana khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo palibe amene anachedwa kutuluka ngati mmene mukuchedwera inu ndi makinawa.

Ulendo uno sindinaseke. Miyezi itatu yatha. Oyamba anali ndi chingwe, achiwiri ndi aatali, tsopano mukutsutsana ndi amene anawapanga. Ngati ndalama ija inapita ku vuto lina ingondiuzani, sindingakwiye, ndalama ndi yothandizira pakhomo. Chimene chikundipweteka ndi chakuti mawu anu sindinawamve chiyambire Januwale, zilembo zanu sindikuziona, nkhope yanu ndaiona theka.

Ndiye ndanena. Julayi akatha ndisanalandire chithunzi, ndigula tikiti ndibwere. Mayeso alembe ena.

Zulaikha

Kawale 1
4 Julayi 2004

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, ndipo iyi ndi yanga ndekha. Bambo ako sakudziwa. Ndatopa kulemba mabodza ndi dzanja langa, ine wopita ku mzikiti.

Mu Januwale muja sichinali chizungulire. Inali sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, zala zinapindika, mwendo wamanja amachita kuukoka, ndipo pakamwa panapotokera mbali imodzi. Nzeru zonse zilipo, iwenso waona m'makalatamu, koma mawu amatuluka olemera ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Magalasi ali bwinobwino pamphuno pawo, sanathyokepo. Ukamaimba foni kwa a Kizito, bambo ako amakhala pampando pafupi ndi ine, khutu lili pa phewa langa, kumvetsera mawu ako. Makina osokera ndinawafunditsa chitenje. Makasitomala akabwera amawauza kuti ali pa holide, telala wa pakhonde kukhala pa holide.

Za ku Area 47 anakuuza zonse kupatula chimodzi. Anakhalapo pa makinapo. A Kizito anawamanga mapazi, iwo n'kukoka katatu. Kachitatuko dzanja lamanja linaphonyoka pa ndodo n'kugwera pambali. Pofuna kudzuka analephera, kampando kali pansi, mwendo ukukana. Anachita kuwanyamula m'khwapa a Kizito ndi mlonda wa pakhomopo, mzuli wa bambo ako n'kugwa kumutu, mayi wachizunguyo n'kuwatolera. Titalowa m'nyumba anakhala pa bedi n'kuyamba kulira. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala nawo, ndinawaona akulira pa maliro a mayi awo okha. Anati, "Mwanabibi, ndikajambulidwa pamenepo mwana uja aona zonse, abwera. Bola azinditcha wamakani."

Ndalama yako sinapite kwina. Amaopa chithunzi basi.

Kalata yako ya tikiti itafika sanadye masiku awiri. Ndiye Lolemba lapitali ndinawauza kuti ndikukaona mlamu ku Area 25, ndinatenga a Kizito, tinapita ku Area 47. Tinapeza mayiyo akulongedza, wina atamuimbira kale foni kuti abwera kudzawatenga madzulo. Ine Chingelezi changa ukuchidziwa, koma ndinangokhala pa kampando kaja osasuntha mpaka anamvetsa. Tinagula. Tikutsitsa pakhomo Kawale yense anasonkhana. Mayi Zipora, aneba athu, anati ndi makina oumbira njerwa, wina anati ndi sikelo ya fodya.

A Kizito anapita nawo ku Biwi n'kuwotcherera miyendo inayi yachitsulo, moti tsopano kampando kafika msinkhu wa mpando wamba, munthu akhoza kukhala ndi kudzuka yekha. Anakana kulandira kalikonse. Kabati ndinatulutsa ndekha, ili kuchipinda, timachita kudutsa cham'mbali.

Bambo ako sanakhalepobe. Tsiku loyamba sanandiyankhule. Tsiku lachiwiri anayanikapo thaulo. Koma dzulo ndikuchokera kumsika ndinawapeza atawerama ndi kabotolo ka mafuta a makina osokera, akudontheza pa tcheni ndi dzanja lamanzere. Atandiona anati, "Chitsulo sichinalakwe, chisachite dzimbiri."

Usabwere, mwana wanga, ndakugwira mwendo. Ukasiya sukulu chifukwa cha iwo, chimenecho ndiye chiwamalize, osati sitiroko. Ndipo usawauze kuti ndakulembera.

Mayi ako,
Mwanabibi

Leeds
20 Julayi 2004

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Asalamu alaikumu. Amayi mundikhululukire, chinsinsi chanu sindisunga. Kalata iyi muwawerengere Ababa yonse, osadumpha mzere. Ababa, musawakalipire Amayi, chifukwa palibe chachilendo chimene andiuza kupatula za mzuli, ndipo zimenezo ndalira nazo.

Ndinadziwa mu Febuluwale. Chithunzi cha pa Idi nditangochitulutsa mu envelopu ndinaona phewa lamanja litatsika, dzanja lili m'thumba, inu amene munkatimenya tikaika manja m'thumba pamaso pa akulu. Ndinagwira ntchito zaka ziwiri m'wodi ya anthu a sitiroko ndisanayambe uzamba. Mumaganiza kuti mungandibisire ndi mwendo wa magalasi? Ndinangokhala chete chifukwa ndinkafuna mundiuze nokha, ndipo ndinaona kuti bodzalo ndi limene likukuimikani. Inu mumandinamiza kuti ndisabwere, ine ndimanamizira kukhulupirira kuti musachite manyazi. Tonse tatopa nazo.

Makinawa sindinawasankhire mimba yanu, mimbayo ikhale. Ndinawasankha chifukwa munthu amachita atakhala, sangagwe. Miyendo iwiri imakankha pamodzi, wamphamvu n'kumaphunzitsa wofooka. Manja awiri amagwira ndodo imodzi, lamanzere likamakoka lamanja limapita nawo, lifune lisafune. N'chifukwa chake ndinkalimbikira za ndodo ija.

Musanayambe, a Kizito akutengereni kwa a mafizo, olimbitsa ziwalo aja, ku Central, muwafotokozere, akuyezeni bipi ndipo akuuzeni poyambira. Akalola, muyambe ndi kukoka kakhumi m'mawa, Amayi ali pambali. Dzanja lamanja lidzaphonyokanso, si mlandu. Limafunika kathumba kansalu yolimba kolowetsamo dzanja, kokhala ndi lamba womangira ku ndodo. Kuno amagulitsa, koma ndi tosokedwa mwaulesi. Ndikudziwa telala mmodzi ku Kawale amene angasoke kabwino, ngati holide yake yatha.

Za tikiti, ndinakafunsa mtengo kawiri, ndipo kachiwiriko ndinatsala pang'ono kulipira. Tsopano tipangane. Inu muzikoka, ine ndiziwerenga. Ndikhala mpaka ndilembe mayeso, koma Lamlungu lililonse ndikaimba foni mugwire ndinu. Mawu alemere bwanji, ndi a bambo anga, ndidzawamva. Mukadzayambanso kupita ku mzikiti nthawi ya foni, mudzangondiona pa geti ndi chikwama.

Za kupita chambuyo mukunena zoona, ndakusiyirani. A Kizito muwathokoze kwambiri.

Ndimakukondani nonse,
Zulaikha

Kawale 1
4 mpaka 8 Okutobala 2004

Zulaikha,

Moni. Zilembozi ndi zoipa. Asilikali aja aledzera. Uwerenge pang'onopang'ono monga umandimvera pa foni.

Kathumba tinasoka. Khaki yotsala ya yunifolomu. Mayi ako anadula ndi kugwira nsalu, ine ndinaponda ndi phazi lamanzere. Msoko unakhota. Ndikanakhala kasitomala ndikanabweza. Koma kakugwira.

Ndinayamba ndi khumi. Lero ndakoka makumi asanu ndi atatu. A Kizito amabwera m'mawa uliwonse kuti akuona miyendo imene anawotcherera. Bodza, amadzakoka nawo. Mimba yawo ikuposa yanga.

Lachisanu lapitali ndinayenda wapansi mpaka ku mzikiti, ndi ndodo. Ulendo uno ndi zoona, ufunse mayi ako.

Chithunzi ndi icho. Ndayang'ana kamera. Wojambula anati nditembenukire kumbali pang'ono kuti pakamwa pasaoneke. Ndinamuuza kuti mwana wanga analipira nkhope yonse.

Ndinakunamiza miyezi isanu ndi umodzi. Undikhululukire. Ndinkaopa.

Kalata iyi ndayamba Lolemba, ndamaliza lero Lachisanu. Mayi ako sanagwire cholembera, ndinawathamangitsira kukhitchini. Ukadzabwera mu Disembala ndi satifiketi yako, tidzapite ku Bwalo la Njobvu kwa mwini sitolo uja. Anandiyankha molakwa ndipo ndikufuna ndikamukonze. Ndinamufunsa kuti makinawa amatulutsa chiyani. Atulutsa kalata iyi.

Lemba mayeso.

Bambo ako,
Adamu